Makalata a Mapalo Anapita ndi Vitumbuwa

Manyazi anawapeza Ba Ennie Mbewe Lachisanu m'mawa, pamalo pawo penipeni pogulitsira vitumbuwa, pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Lusaka. Ku Nangongwe, dera lawo m'tauni ya Kafue, dzina la Ennie limamveka kutchalitchi kokha, kwina konse ndi Amake Mapalo. Ndipo manyaziwo sanabwere ndi mdani ayi. Anabwera ndi Ba Febby, mphunzitsi wa mwana wawo, mayi wofatsa woti ngakhale ntchentche amaiingitsa mopepesa.

Ba Febby anaima kuti agule vitumbuwa vitatu vokadyera tiyi kusukulu. Amake Mapalo, poona kuti ndi aphunzitsi, anasankha vikuluvikulu, naonjezapo chimodzi cha mbasela. Anapisa dzanja m'katoni ya mapepala osayang'anamo n'komwe, monga achitira masiku onse, nakulunga, napereka ndi manja awiri bondo litapinda pang'ono. Aphunzitsi analandira, nayenda mapazi awiri, kenaka anaima. Anatembenuza kaphukusi kaja n'kumakayang'anitsitsa.

"Amake Mapalo, iyi pepala mwaichosa kuti?"

"Mu katoni, ba ticha. Ni yoyela, osayopa. Siinagwile doti."

"Mwaiwelenga?"

Funso limeneli linamveka mpaka pa tebulo loyandikana nalo, pamene Amake Gordon amagulitsira matimati. Amake Gordon ndi mnansi wawo kawiri: pamsika matebulo awo amagundana, kunyumba amalekanitsidwa ndi mpanda wa maluwa wofika m'chiuno. Ndi mayi woti nkhani ikamadutsa kutali amaimva fungo. Anasiya wogula ali chiimire, natalikitsa khosi pamwamba pa phewa la aphunzitsi, nawerenga mokweza ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi:

"Amama, iyi ni kalata ya namba naini. Chifukwa chani simuyankha? Ndine Mapalo."

Zilembozo zinali za pensulo, zikuluzikulu, zina zitatsamira zinzake. Mafuta anali atalowa kale pa dzina.

Anthu odikira minibasi anatembenuka. Wina anasekera m'mphuno. Amake Mapalo anasowa kolozetsa maso, anangogwira supuni yawo yovuulira, ndipo tsiku limenelo, koyamba m'zaka zambiri, vitumbuwa vinapserera m'chiwaya mwini wake ali pomwepo.

Kuti munthu amvetse m'mene mayi wanzeru zake angagulitsire makalata a mwana wake, ayenera kudziwa kaye za Amake Mapalo ndi mapepala. Anabadwira konkuno ku Kafue, m'nyumba za anthu a njanji. Atate awo anachokera ku Katete ali mnyamata, ndi kasutikesi ka malata, nagwira ntchito yokonza njanji mpaka msana unakhota. Ennie anali wachinayi mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anailekera giredi seveni, chaka chimene ntchito ya atate ake inatha, ndipo m'malo mwa cholembera anamugwiritsa supuni yamabowo. Amayi ake anamusiyira malamulo awiri. Loyamba, mafuta asafike potulutsa utsi. Lachiwiri, chitumbuwa chotentha sachiika m'pulasitiki, chimachita thukuta n'kufewa ngati chigamba chonyowa. Mnzake wa chitumbuwa ndi pepala, chifukwa limamwa mafuta n'kusiya khungu louma bwino.

Lamulo lachiwirili ndilo linawapatsa dzina. Ogwira ntchito ku fakitale ya feteleza amadutsa matebulo atatu a vitumbuwa kuti afike pa lawo. Koma lamulolo lilinso ndi njala yake, njala ya mapepala. Kale nyuzipepala zinali mbwee. Masiku ano anthu amawerenga nkhani pa foni, ndipo foni sungakulungire chitumbuwa. Motero Amake Mapalo anasanduka mlenje wa mapepala. Makalendala akale, mapologalamu a maliro, timapepala toitanira anthu ku misonkhano ya chitsitsimutso, zonse zinkathera m'katoni. Alipo anthu ambiri m'Kafue amene anadyera chitumbuwa pankhope ya mlaliki wa ku Lusaka. Amuna awo, Ba Davison, amene amagwira ntchito ku fakitale konkuja, anakasungitsa satifiketi yawo ya sukulu kwa mkulu wawo, akuti kuopa chinyezi. Aliyense akudziwa chinyezi chimene ankaopa. Kenaka mwayi unagwa: bambo wina wa shopu yojambula mapepala pafupi ndi Boma anayamba kuwasungira mapepala olakwika, olembedwa mbali imodzi, mbali ina yoyera mbee.

Mapalo, mwana wawo yekhayo wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ali giredi thu. Kumayambiriro kwa teremu Ba Febby anaitanitsa makolo. Anawauza kuti mwana amene amagwira pensulo kusukulu kokha dzanja lake limachedwa kuzolowera. "Mupaseni pepala kunyumba," anatero. "Alembe chilichonse. Dzina lake, dzina la galu, vamene mwadya. Ndipo akalemba, imwe muziwelenga."

Amake Mapalo anali pa benchi yakutsogolo, atavala chitenje cha kutchalitchi, akuvomereza ndi mutu mpaka duku linasendera kumbuyo. Palibe kholo linavomereza kuposa iwo. Koma mawu otsirizawo, akuti muziwerenga, anawadutsa, chifukwa nthawi imeneyo maganizo anali atathawira ku ufa umene anausiya ukufufuma m'beseni.

Tsiku lomwelo anagula pensulo, naisongola ndi mpeni wa anyezi, naitana mwana.

"Tenga pepala mu katoni, ulembe kumbuyo koyela. Ukasiliza, ubweze mu katoni. Wamvela?"

Anadziona ochenjera. Madzulo ake anakadzitama pa mpanda kwa Amake Gordon kuti kwawo pepala limodzi limagwira ntchito ziwiri, mwana aphunzire, chitumbuwa chivale. M'mutu mwawo ankayesa kuti mwana akungolemba a, e, i, o, u, zinthu zoti munthu wamkulu sangataye nazo nthawi.

Mapalo anamva mwina. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atawaphunzitsa za kalata: umalemba, umapinda, umaponya m'bokosi, mwini wake amaipeza. Ndipo bokosi la amayi ake ankalidziwa. Ndi katoni imene amaitsegula m'mawa uliwonse asanapereke n'komwe moni kwa atate. Choncho masana akaweruka ankagona chafufumimba pakhonde, lilime lili panja, n'kulemba mawu ake pang'onopang'ono. Akatha ankapinda kamodzi n'kuika pamwamba penipeni, kuti amama asavutike kufunafuna. Pepala la pamwamba ndilo limayamba kupita. Linkapita ndi anthu a shifiti ya m'mawa.

Mwanayo ankadikira. Pa nshima ankayang'ana nkhope ya amayi ake, iwo n'kumufunsa kuti, "Uniyang'ana chani? Idya." Patapita masabata angapo anasiya kugona pakhonde paja. Kalata yake yomaliza inakwiririka pansi pa mapepala atsopano mpaka Lachisanu lija. Pensulo inapezeka pawindo, ndipo Amake Mapalo anaiona kuti ndi yabwino kugawira mizere pomuluka tsitsi. Sanafunse kanthu.

Zonsezi anazilumikiza Lachisanu lija, Ba Febby atawakokera pambali, kuseri kwa tebulo, n'kuwalankhula motsitsa mawu.

"Ni masabata yatatu manje Mapalo salemba mu kilasi. Agwila chabe pensulo, ankala. Ninamufunsa, ananiuza ati volemba ni vomangila vitumbuwa. Sininamvesese. Anzake ndiye ananiuza kuti anapeza pepala yake mu mufolo wa madzi popita ku sukulu, ili na mafuta, muntu anaipondapo na nsapato. Lelo ndiye naona." Anawabwezera pepala lija, vitumbuwa n'kuvigwira m'manja. "Uyu mwana anali pasogolo pa anzake. Akazonda pensulo pa msinkhu uyu, kumubweza ni nchito."

Sanawakalipire, ndipo ndicho chinapweteka. Akanakalipa, Amake Mapalo akanapeza poyankhira. Anaphula chiwaya dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene anayamba kumva zowawa za Mapalo yemweyo.

Loweruka anayamba kulondola makalata. Asanu ndi atatu anali kwinakwake m'Kafue, ndipo ankafuna kudziwa zimene mwana wawo anawauza. Anayambira pa geti ya fakitale, kwa Ba Enock, mlonda amene wadya vitumbuwa vawo kuyambira ali ndi tsitsi. Atangotchula za pepala lolembedwa ndi mwana, Ba Enock anagwira chipilala cha geti n'kuyamba kuseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Mukamba ija ya nyama?"

"Ya nyama bwanji?"

"Ah, mulamu, ija tinaisunga pa bodi mu kantini sabata yonse. Ninaisunga na mu mutu." Anaimirira mowongoka. "Amama, si pusi anadya nyama mu poto. Ni atate. Anati nisakambe."

Amake Mapalo anakumbukira nyamayo. Zinali nthuli ziwiri za ng'ombe zimene anasungira Lamlungu, ndipo mlandu unagwera mphaka wa Amake Gordon, amene anathamangitsidwa ndi tsache mpaka pamsewu.

"Manje mwezi wonse," anapitiriza Ba Enock, "Ba Davison bakapita, shifiti yonse ichita miyau. Sibanakuuzeni?"

Sanawauze. Atafunsidwa kunyumba, Ba Davison anavomera maso ali pansi. Iwo ankayesa kuti akazi awo anawerenga kalatayo n'kuitumiza dala ku fakitale kuti awalange. N'chifukwa chake mwezi wonse ankayenda monyang'ama m'nyumba, kutunga madzi osatumidwa, tsiku lina mpaka kutsuka mbale. Amake Mapalo anali atachitira kale umboni kwa amayi anzawo kutchalitchi kuti mapemphero a amuna ayamba kugwira ntchito.

Makalata ena anapita ndi mphepo. Wina anati anayatsira mbaula, wina anati anapukutira galasi la minibasi. Madzi akatayika saoleka. Koma madzulo a Loweruka lomwelo, Amake Mapalo akuanula zovala, anamva kutsokomola pa mpanda. Amake Gordon anali ataima ndi Baibulo m'manja. Anatsegula pakati, natulutsa mapepala atatu owala ndi mafuta, oti ukawaloza kudzuwa umaona mbali inayo.

"Aya yanabwela na bulekifasiti yanga," anatero.

"Munali nayo masiku yonse aya? Nanga osaniuza?"

"Ninali kuyembekeza ya namba teni. Elo pusi wanga simunamupepese."

Amake Mapalo anakhala pa sitepe ya khonde n'kuwerenga, milomo ikuyenda, chala chikutsata. Yoyamba inati, "Amama, dzino langa ligwedezeka. Osauza atate, azachosa na pulayazi." Yachiwiri inati, "Amama, nikonda mukaimba pophika." Yachitatu inali yaitali, zilembo zikutsetsereka kumapeto ngati zatopa: "Amama, nikakula nizakugulilani mpando kuti musaimilile pa msika."

Anaipinda bwinobwino. Anakumbukira kuti miyendo yawo amaidandaula madzulo alionse, akuyesa kuti akudandaulira khoma. Amake Gordon, amene sasowa chonena, nthawi imeneyo anapita kukaona mphika wawo.

Lamlungu anayesa njira zimene ankazidziwa. Anamuitana Mapalo, namukhazika pamiyendo, napepesa ndi pakamwa. Anamukazingira chitumbuwa chachikulu ngati chibakera cha atate ake. Anamugulira kope latsopano, la chikuto chofiira. Mapalo anagwada, nati, "Zikomo amama," mwaulemu wonse, nadya chitumbuwa, kope n'kukaliika pansi pa matiresi. Ulemu wa mwana wokhumudwa umalasa kuposa mwano.

"Muuzeni chabe alembe," anatero Ba Davison. "Ni mwana, azamvela."

"Imwe ba pusi, nkalani zii."

Lolemba anadikira Ba Febby panjira ya kusukulu, nawafotokozera zonse, za kope ndi za chitumbuwa. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana anafunsa funso, Amake Mapalo. Anati chifukwa chani simuyankha. Kalata siimvela pepani wa pakamwa. Muyankheni pa pepala."

Apa ndiye panali pogona manyazi enieni, aakulu kuposa a pamsika. Amake Mapalo amawerenga ndithu, koma kulemba anakusiya kalekale. Chiyambire kuchoka giredi seveni, dzanja lawo lalemba dzina lokha, pa khadi la ku kiliniki ndi pa kaundula wa ukwati. Pa foni amatumiza mawu olankhula. Ankadziwa kuti zilembo zawo zimayenda ngati anthu ochokera ku mowa, ndipo mumtima ankaopa chinthu chimene sakanauza munthu: kuti mwana wa giredi thu adzaona kuti amalemba bwino kuposa amayi ake.

Komabe masana amenewo, Mapalo akusewera kwa anzake, anatseka chitseko, natenga pensulo ija pawindo, naipukuta mafuta a tsitsi. Anakhala pa tebulo. Pepala loyamba analiboola ndi nsonga ya pensulo. Pa pepala lachiwiri mawu anakwera phiri n'kukatsikira pakona. Anawatenga onse awiri n'kuwaponya m'katoni, poti pepala silitayidwa. Atabwerera pa mpando ndi pamene anazindikira chimene achita. Anathamanga kukawatulutsa, nawatentha pa mbaula, akuyang'ana ku mpanda ngati kuli maso.

Pepala lachitatu linatheka. Linati:

"Mapalo mwana wanga, makalata yako nalandila mochedwa. Wolakwa ndine. Dzino lili bwanji? Za nyama taziba manje. Mpando nizayembekeza. Niyankhe. Ndine amako."

Anatsuka chitini cha mkaka wa ufa, nachiumitsa, nachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, kutali ndi katoni. Kalata anaiponya m'menemo. Mapalo atabwera, mapazi ali mbuu ndi fumbi, anamulozera.

"Muja muli kalata yako. Iyo ndiye bokosi yatu, ine na iwe. Mulibe vitumbuwa muja."

Mwanayo anakwera pa mpando, natulutsa pepala, napita nalo kuseri kwa nyumba. Anakhalako nthawi yaitali. Pobwera, pepalalo silinaoneke kumene analiika.

Lachiwiri m'mawa, asanakhudze katoni, Amake Mapalo anasuzumira m'chitini. Munalibe kanthu. Lachitatu anachigwedeza, ngati pepala lingakakamire m'mbali. Munalibe kanthu. Tsiku limenelo pamsika ankayang'ana pepala lililonse mbali zonse ziwiri asanakulunge, mpaka mzere unatalika, wina n'kufunsa ngati vitumbuwa masiku ano vimafuna chitupa. Ba Enock anapempha kuti amusankhire lokhala ndi nkhani. Amake Mapalo sanaseke.

Lachinayi masana, atabwerako kumsika, anapeza chivundikiro cha chitini chitakhala mopendekeka. M'kati munali pepala long'ambidwa m'kope lofiira lija, lopindidwa kamodzi. Anawerenga ali chiimire, beseni likadali pamutu.

"Amama, dzino linachoka kudala. Ninaponya pa malata. Simunaone. Mwalemba bwino koma muzilemba mu laini. Iyi osagulisa. Ndine Mapalo."

Anatula beseni. Anaitana mwanayo kuti aseke, ndipo anaonadi mpata kutsogolo, dzino latsopano litayamba kale kusuzumira. Mwana ankadya naye mbale imodzi masiku onse, koma mpatawo anauona atauzidwa ndi pepala. Mapalo anatseka pakamwa msanga, nafunsa ngati pensulo ingasongoledwenso, poti yafupika nsonga. Anaisongola ndi mpeni wa anyezi womwe uja, mosamala ngati akusenda chinthu chodula.

Chimwemwe chotere sichikhala m'nyumba. Ngakhale munthu amene Kafue yonse yamuseka amafuna womuonetsa. Anapita ku mpanda, kalata ili m'manja, naitana Amake Gordon, amene anali kale pafupi kuposa m'mene munthu wosamvetsera amakhalira. Mnansiyo anapukuta manja pa chitenje, nalandira pepala, naliwerenga kawiri, mphaka wake akudzikhula m'miyendo mwake. Kenaka analibweza, nayang'ana zala za Amake Mapalo, zimene zinali zisanaone sopo chichokere ku chiwaya.

"Mwana wanu anawelengewa na Kafue yonse, imwe amake ndimwe mwabwela pa lasiti. Manje yendani mukasambe m'manja, mwaika kale mafuta pa iyi."